Mwana Wolandira Katundu

Pakamwa pa Febe Mbewe padali pothamanga kuposa miyendo yake, ndipo anthu a kufupi ndi Kabudula adamuzolowera motero. Ukamupeza pa msonkhano wa Chigwirizano cha amayi, duku loyera lili ngwi kumutu, akufotokoza za kaleredwe ka ana, unkachoka utatsimikiza mtima kuti ukafika kunyumba ukasintha. Sikuti adali wabodza ayi. Ankakhulupirira ndi mtima wonse chilichonse chimene wanena, makamaka pa nthawi imene akuchinenayo.

Tsiku lotsekera sukulu, kumapeto kwa Julaye, mphepo ikuulutsa fumbi pabwalo, kudabwera bambo wamtali wovala jombo zong'ambika n'kuima potero, chipewa chili kumanja. Adali a Frackson, tenanti wa pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo, njira yopita ku Nambuma. Kwawo kudali ku Phalombe, koma kwa zaka zambiri ankangosamuka esiteti iyi ndi iyo, ndipo mwana wawo woyamba, Nelia, sukulu adaiphunzira moduladula chimodzimodzi. Mtsikanayu adali ndi zaka khumi ndi zitatu, wamtali kuposa anzake onse a m'sitandade 4, kalasi imene Febe ankaphunzitsa. Chichewa ankawerenga mokoka ngati ngolo yokwera chitunda. Chingerezi ndiye ayi ndithu. Mayeso adakhoza mokwawa, ndipo aliyense amadziwa kuti kuyambira sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi.

"Ndabwera kudzatsanzika, aphunzitsi," adatero a Frackson. "Mwanayu teremu ikubwerayi musamuyembekezere. Wayesa, koma zikuoneka kuti sukulu si yake. Seputembala tikufesa nazale ya fodya, ndiye manja akutichepera."

Akadakhala awiri okha, mwina Febe akadangodandaula n'kuwalola bambowo apite. Koma pambali padali ahedi, padalinso amayi angapo a mumpingo amene adabwera kudzamva zotsatira za ana awo. Pamaso pa anthu otere pakamwa pa Febe sipakadatha kukhala chete.

"Bambo a Nelia, mwana sataya chonchi. Ndipatseni holide ino yokha. Akhale kwathu, adye chimene tikudya, azigona ndi Cynthia wanga, poti onse akulowa kalasi imodzi. M'mawa uliwonse ndimakhala ndi ana pakhonde kuwakonzekeretsa za chaka chamawa. Mukadzabwera kudzamutenga, adzakuwerengerani buku la Chingerezi la sitandade 5, inu mukumva ndi makutu anu. Akadzalephera, mudzapite naye ku nazaleko, ine sindidzatsegula pakamwa."

A Frackson adatembenuza chipewa chija kangapo. "Mwanena nokha, aphunzitsi."

"Ndanena ndekha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Amayi aja adagwedeza mitu, ahedi nawo adati izi ndiye zofunika. Lisanafike Lamulungu, mpingo wonse udali utamva kuti mayi Mbewe atenga mwana wa tenanti kuti amuphunzitse ulere, ndipo Febe adayenda sabata imeneyo mapewa ali m'mwamba.

Nelia adabwera ndi mayi ake, mayi Eliness, zovala zake atazimanga m'chitenje chimodzi. Adafika pomwe Febe ankachokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu. Mtsikana uja atangomuona adaponya kamtolo kake pansi, n'kuthamanga kukamulandira thumbalo. Cynthia, amene adali pakhonde miyendo atatambalitsa, sadasunthe ndi chala chomwe.

"Taona mnzako, iwe!" Febe adamukalipira mwana wake, koma akuseka. Kenako adatembenukira kwa mlendo. "Amake Nelia, mwana munalera."

"Timayesa, aphunzitsi," adayankha mayi Eliness atagwada. "Kwathu mwana sakhala pansi wamkulu atanyamula kanthu. Chotsala ndi cha m'bukucho. Ife sitinapite nako kutali, ndiye tikuyang'ana kwa inu."

M'mawa mwake Febe adayala mkeka pakhonde, n'kutsamiritsa kabolodi kukhoma. Padali Cynthia ndi ana ena ochepa a anthu a mumpingo. Nelia adakhala kumapeto, mawondo atapinda, atagwira pensulo yatsopano imene Febe adamusongolera yekha. Phunziro lidali lisanafike patali pamene kuseri kwa nyumba kudamveka mawu. Amuna ake a Febe, a Levison, mkulu wa mpingo, ankaumbitsa njerwa chilimwe chimenecho, ndipo oumba aja adakuwa kuti madzi atha mumgolo.

Febe adaika choko pansi n'kulunjika pamene padali ndowa. Sadaifike. Nelia adali atadzuka kale, ndowa ili kumanja, nkhata akuipinda.

"Ndikatunge ndine, madamu."

Apa ndiye padali ponena mawu awiri okha, akuti khala pansi. Febe ankawadziwa mawuwo, tsiku lililonse ankawakuwa m'kalasi mpaka kusasa mawu. Koma msana unkamuwawa, ana ena ankamudikira, ndipo ndowa idali itanyamulidwa kale.

"Imodzi yokha, ubwere msanga," adatero.

Pamjigo chilimwe pamakhala mzere, ndipo mgolo wa oumba njerwa sudzadza ndi ndowa imodzi. Pomwe Nelia ankamaliza, mkeka udali utapindidwa, ana atabalalika. Pensulo yake Febe adaitola n'kuiika pawindo la kuchipinda chochezera, kuti isatayike.

"Usadandaule," adamuuza. "Iwe ndi ine tikhala awiri masana. Ndiponso bwino choncho, popanda phokoso la anzakowa."

Masana kudabwera alendo. Tsiku lotsatira madzi adathanso, ndipo panalibe amene adachita kutchula dzina la wokatunga. Kenaka padabuka mtedza wofunika kuswa ogula asanasiye kubwera, ndipo zala za Nelia zinkaswa lichero lonse pamene Cynthia ankadandaula kuti zikhadabo zikumupweteka. Utatha mtedza kudadza msonkhano wa misasa, Febe ali m'gulu la ophikira alendo, ndipo kunyumba kunkafunika wotsala ndi moto, mbuzi ndi mbale. Utatha msonkhano kudagwa maliro kumudzi kwa a Levison. Palibe tsiku limene Febe adadzuka n'kunena kuti lero mwanayu asaphunzire. Tsiku lililonse linkangobwera ndi chifukwa chake, ndipo chifukwa chilichonse chinkamveka.

Choipa chake, nyumba idayamba kuyenda bwino kuposa kale. Febe akachoka ankapeza pabwalo posesedwa, mitsuko yodzadza, ndiwo zothothola kale. Akangotulukira pa mpanda atanyamula kanthu, kaya kachikwama kopepuka, Nelia ankathamanga kudzamulandira. Munthu sachedwa kuzolowera kulandiridwa. Posakhalitsa dzina la Nelia lidayamba kutuluka lokha m'kamwa mwa Febe, nthawi zina asanaganize n'komwe chimene akumuitanira.

Mtsikanayo sadadandaulepo. Chimene ankachita n'chakuti ntchito za pansi, monga kusankha nyemba kapena kutsuka mapoto, ankazikokera pangodya ya khonde pamene anzake ali pamkeka. Masiku amenewo Febe ankabwereza ndi ana tsamba limodzi la m'buku, lonena za kumsika, lokhala ndi chithunzi cha mayi wogulitsa tomato. Iye ankawerenga mzere, ana n'kubwereza pamodzi, iye mzere wina, ana n'kubwereza. Akacheuka ankaona milomo ya Nelia ikuyenda, manja ali m'madzi a sopo. Zimenezi zinkamutonthoza. Ankadziuza kuti pajatu akumva ndithu, chotsala n'kungokhala naye pansi tsiku limodzi labwino.

Kamodzi kokha Nelia adafunsa. Febe ankamanga duku pagalasi, kukonzekera ulendo wa kumaliro, ndipo mtsikanayo adagwada pakhomo.

"Madamu, kodi lero tikhala?"

"Mawa, mwanawe. Ukuona wekha mmene zinthu zilili."

Sadafunsenso. Febe akamadutsa pawindo lija ankaiona pensulo ili pomwe adaiika, nsonga yake ili chisongolere, fumbi likuikwirira pang'onopang'ono. Mtima unkamuluma, koma ankafulumira kuyang'ana kwina. Anzake a Chigwirizano akamufunsa za mwana wa tenanti uja, ankati, "Akuyesetsa ndithu," ndipo iwo ankamudalitsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwambi umenewu Febe adaulembapo pabolodi kangapo konse, n'kumawafunsa ana tanthauzo lake.

A Frackson ndi akazi awo adatulukira Loweruka lina chakum'mawa, kutatsala sabata kuti sukulu zitsegulidwe. Febe ankaganiza kuti abwera Loweruka linalo, ndipo sabata yotsalayo ndi imene adaisungira zonse zimene adalonjeza. Adawaona akulowa pa mpanda sabatayo isanayambe n'komwe. Pakhonde padali a Levison, ndi amayi awiri a mumpingo amene adabwera kudzakambirana za kwaya. Mayi Eliness adali atakumbatira thadzi lamawangamawanga, miyendo yake yomangidwa ndi luzi.

Atalonjerana, mayi Eliness adayenda chogwada mpaka pamene padakhala Febe.

"Aphunzitsi, chokuthokozerani chenicheni tilibe. Ndi kankhuku aka, kamaikira bwino. Mwatisungira mwana, mwamudyetsa, mwamuphunzitsa. Mulungu yekha ndiye akubwezereni."

Mphatso sakana. Febe adatambasula manja onse awiri n'kulandira. Thadzilo lidali lofunda, ndipo ankamva kamtima kake kakugunda m'zikhatho mwake. Ankadziwa kuti pakhomo pa tenanti nkhuku yoikira si chinthu chongotola. Adati zikomo, koma mawuwo adatuluka owuma, ndipo adaliika thadzilo pansi msangamsanga.

"Ndiye timve nawo zija munanena zija," adatero a Frackson akumwetulira. "Mayi akewa usiku wonse sanagone."

"Mumwe kaye thobwa, mwayenda mtunda," Febe adayesa kuzemba.

"Thobwa silithawa," adalowererapo a Levison, amene sankadziwa kanthu. Iwo madzi ankangowaona ali mumgolo, za amene wawatunga sizidawafikepo m'mutu. "Cynthia, tenga buku lija. Alendo amve ntchito ya amayi ako."

Buku lidabwera. Nelia adalilandira ndi manja awiri, n'kumuyang'ana Febe kamodzi kokha, mwachidule. Kenaka adatsegula masamba mpaka adapeza mayi wogulitsa tomato uja, adaika chala pa mzere woyamba, n'kuyamba.

Chingerezi chidatuluka bwinobwino, mzere ndi mzere. Chidatuluka ndi mawu a Febe enieni, kukwera pamene Febe ankakweza, kuima pamene Febe ankaima kuti ana abwereze. Koma chala chidafika pansi pa tsamba mawu akadalipo ambiri, ndipo chidangoima pamenepo kudikira kuti pakamwa pamalize. Febe yekha ndiye adaona zimenezo. Adazindikira kuti mwanayo sakuwerenga, akungotula zimene adatola ndi makutu ali pa mapoto. Adazindikiranso chifukwa chake: ankadziombola yekha ku nazale, komanso ankawaphimba aphunzitsi ake. Ndipo Febe, mayi wa Chigwirizano, adamva mtima wake ukutsika ndi chimwemwe kuti wapulumuka. Manyazi a chimwemwe chimenecho adamutentha mpaka m'makutu.

Mayi Eliness adaimba nthungululu, misozi ikutsika. Amayi a kwaya adaomba m'manja. A Frackson adaseka mpaka kuoneka mano a m'mbali, adapukuta manja pa buluku n'kupempha bukulo kuti aligwireko. Adanyowetsa chala ndi malovu n'kumatsegula masamba mwaulemu, kuyang'ana zithunzi. Adaima pa tsamba lina pamene padali ng'ombe ziwiri zikukoka ngolo. Sikuti ankafuna kumutchera msampha mwanayo. Bambowa adagwirapo ntchito yoyendetsa ngolo ali mnyamata, ndipo ng'ombe ankazikonda.

"Nanga apa, mwanangu? Ng'ombezi akuti zatani?"

Nelia adaika chala pa liwu loyamba. Milomo idatseguka, n'kutsekekanso. Thadzi lija linkapalasa ndi mapiko pa simenti. Dontho la msozi lidagwera pa ng'ombe imodzi.

A Frackson adatsegula tsamba lina. Chete. Adatsegulanso lina, kenaka adabwerera kwa mayi wa tomato uja, n'kuloza liwu limodzi la pakati. Nelia adangozyolika. Bambowo adatseka buku, adapukuta chikuto chake ndi malaya, n'kulipereka kwa Febe ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mutikhululukire. Takutayitsani nthawi pachabe. Holide yonse m'nyumba mwa aphunzitsi, kudya kwa aphunzitsi, n'kutulukamo ndi tsamba limodzi loloweza ngati nyimbo? Mutu wouma uwu, watengera ine bambo ake." Adatembenukira kwa mwana wawo, mawu atatsika. "Ndiye iwe unafuna kutinamiza, pamaso pa anthu amene akusunga? Katenge zovala zako."

"Musamukalipire," adatero mmodzi wa amayi a kwaya, pofuna kutonthoza. "Ena Mulungu anawapatsa mutu, ena manja. Koma kunena za ntchito, mwanayu ndiye amaitha. Mayi Mbewe apumako chilimwe chino."

Onse adayang'ana kwa Febe, poti pa zinthu zotere iye ndiye ankakhala ndi mawu otsiriza. Choonadi chidali pa lilime pake penipeni. Koma padali amuna ake, mkulu wa mpingo. Padali amayi awiri amene pofika madzulo akadafikitsa nkhaniyo mpaka ku Nsaru. Pakamwa paja, pamene sipadasowepo chonena, padatulutsa mawu awa okha:

"Zimachitika, bambo. Musadandaule."

Nelia adatuluka ndi kamtolo kake, adagwada patsogolo pa Febe osamuyang'ana kumaso. "Tsalani bwino, madamu. Zikomo pondisunga." Atatuwo adatuluka pa mpanda, bambo patsogolo, mayi pakati, mwana pambuyo. Thobwa sadamwe.

Febe adalowa m'nyumba ngati akukatenga kanthu, n'kungoima pakati pa chipinda. Pawindo pensulo idali pomwepo. Kunja a Levison ankafunsa ngati nkhukuyo aisunge kapena aiphe mawa. Cynthia adalowa akukanda mwendo, nkhope ili yodandaula zenizeni.

"Amayi, nanga madzi azitunga ndani tsopano?"

Mwanayo adafunsa mosalakwa, ndipo n'chifukwa chake funsolo lidalasa. Ngakhale wamng'ono wa m'nyumbamo ankadziwa chimene Nelia adali pakhomopo. Febe adatuluka, adanyamula thadzi lija pansi, n'kuyamba kuthamanga, amayi a kwaya akumuitana m'mbuyo.

Atatu aja adawapeza pamjigo, pamene njira ya kudambo imapatukira. Padali mzere wa amayi ndi ndowa zawo, ndipo ena ankamutsanzika Nelia pomutchula dzina, poti adamuzolowera. Febe adafika akupuma mwabefu, duku litapendekeka, adadutsa kutsogolo kwa a Frackson n'kugwada m'matope a pamjigo, nkhuku ili m'manja.

"Bambo a Nelia, imani. Mwanayu mutu wake si wouma. Sindinamuphunzitse. Kuyambira tsiku loyamba mpaka lero sindinakhale naye pansi ngakhale kamodzi. Amatunga madzi a njerwa, amaswa mtedza, amaphika, amachapa. Tsamba lija analitola yekha ndi makutu akutsuka mapoto anga. Mwana wotola tsamba lathunthu la Chingerezi chotero si wopusa. Wolephera ndine, ndipo ndinakhala chete inu mukumunyoza."

Amene ankapopa madzi adasiya chogwirira. Febe adayembekezera kumva anthu akudabwa, koma palibe amene adadabwa. Amayi aja adangoyang'ana pansi, wina n'kumakonza nkhata yake. Iwo ndiwo ankamuona mtsikanayo pamzere m'mawa uliwonse, nthawi imene ana ena adali pamkeka. Ankadziwa kuyambira kale, ndipo Lamulungu lililonse ankamupatsa moni Febe mwaulemu, n'kumamufunsa za mwana wa tenanti. Apa manyazi adamufika m'mafupa.

"Dzukani, aphunzitsi, anthu akuona," adanong'ona mayi Eliness.

"Aone." Febe adatambasula manja. "Nkhuku yanu iyi. Sindinaigwirire ntchito."

A Frackson adamuyang'ana mwana wawo, makamaka manja ake. Kenaka adayang'ana kumbali.

"Mphatso sibwerera, aphunzitsi. Mukufuna mutichititse manyazi kawiri tsiku limodzi? Nkhukuyo ndi yanu."

"Ndiye ndipatseni sabata yatsalayi. Abwerere kunyumba, ndikulonjeza kuti..."

"Mufunseni mwini wake."

Febe adatembenukira kwa Nelia. Mtsikanayo adafinya kamtolo kake pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire pakhomo paja adakana chinthu.

"Ndikufuna kwathu," adatero motsitsa.

"Mwamva," adatero a Frackson. "Ndipo Lolemba tikufesa. Mabedi a nazale safuna Chingerezi, amafuna madzi m'mawa ndi madzulo."

"Ndibwera komweko ine."

"Zonena ndiye mumatha, aphunzitsi." Sadanene mokalipa ayi, adangonena ngati munthu amene akutchula kuti kunja kwatentha. Adavala chipewa, ndipo atatuwo adatsetserekera kudambo.

Febe adabwerera kunyumba ndi matope m'mawondo, thadzi lili kukhwapa, kudutsa mzere wonse wa ndowa. Lamulungu adapita kutchalitchi, poti kujomba kukadaposa, koma adakhala kumbuyo ndipo nyimbo sadaimbe. Thadzi lija adalimasula, ndipo linkangoyendayenda pabwalo n'kumamuyang'ana ndi diso limodzi.

Lolemba adamangirira kabolodi pa njinga, buku ndi pensulo adaika m'chikwama, n'kuwoloka dambo. Kuesiteti adali asanafikeko chikhalire. Adadutsa zigafa zopanda fodya ndi tinyumba ta udzu ta matenanti, ana akumuthamangira m'mbuyo, mpaka adafika kumtsinje kumene kudali nazale. A Frackson ankayala udzu pa mabedi ofesedwa kumene. Nelia ankachokera kumadzi ndi keni yothirira. Atamuona Febe akutsika panjinga ndi chikwama, adaika keni pansi n'kuthamanga, manja ali patsogolo, monga mwa masiku onse.

Febe adachigwiritsa chikwamacho. Nelia adakoka pang'ono, n'kudabwa kuti sichikubwera.

"Siya," adatero Febe.

"Madamu, ndingokulandirani."

"Siya, Nelia. Khala pansi apo, pamthunzi."

Adatsamiritsa kabolodi pa tsinde la mtengo, pafupi ndi mabedi, n'kulembapo malembo ndi timawu tating'ono ta pa tsamba la ng'ombe lija. Adamupatsa mtsikanayo buku ndi pensulo, adamuonetsa poyambira. Kenaka adavula nsapato, adakwinya chitenje, n'kukatola keni ija. A Frackson adaweramuka n'kumuyang'ana, koma sadamuletse.

Keni yodzadza imalemera kuposa mmene imaonekera ili m'manja mwa mwana wa eni. Febe ankatsika kumtsinje, n'kukwera, n'kuyenda m'mbali mwa bedi akuthirira, uku akukuwa liwu loti Nelia alipeze pabolodi ndi m'buku. Akazi a matenanti adabwera kudzaonerera mphunzitsi akuthirira fodya, ena akuseka mobisa m'zitenje. Iye sadawayang'ane. Nthawi iliyonse akamadutsa pamtengo paja atapendekeka ndi kulemera, Nelia ankayamba kudzuka, ndipo nthawi iliyonse Febe ankati, "Khala pansi."

Dzuwa litapendeka, a Frackson adamuperekeza pang'ono. "Sabata imodzi siphunzitsa munthu Chingerezi," adatero. "Ndipo sukulu ikatsegulidwa, keniyo adzanyamula ndani?"

Febe wakale akadayankha ndi ulaliki wathunthu. Uyu adangoyang'ana matuza a m'manja mwake.

"Sindikudziwa, bambo. Mawa ndibwera."

Adabweradi, ndi mkuja womwe, ndi masiku otsatira. Nelia ankagwira msanga moti Febe ankachita manyazi atsopano pa liwu lililonse limene mwanayo walidziwa, poganiza za masabata onse aja. Chakumapeto kwa sabata, akudutsa pa kanyumba ka a Frackson, adaona yunifomu ya Nelia itachapidwa, itayanikidwa pa mpanda wa udzu. Palibe adamuuza kanthu, ndipo iye sadafunse.

Tsiku limenelo kudatentha kwambiri. Febe adakwera kuchokera kumtsinje, keni ikumukoka phewa, madzi akutayikira pa mapazi. Pofika pamtengo paja adatsegula pakamwa kuti anene mawu ake aja, koma padalibe womuuza. Nelia adali atawerama pa tsamba la ng'ombe, chala chili pakati pa mzere wachiwiri, milomo ikulimbana ndi liwu lalitali. Sadadzutse mutu n'komwe. Febe adadutsa ndi katundu wake popanda womulandira, n'kukathirira bedi lotsatira.